Zikapiringizana pa Zomba, Wodzuma Ndani?

Mtsikana wa Fomu 4 anakhala pa benchi ya bambo wosoka nsapato, phazi limodzi atapondetsa pa katoni, kudikira kuti nsapato yake ya kusukulu isokedwe. Pamiyendo anali ndi kope ndi mtanthauziramawu wa Chingerezi wothothoka chikuto. Benchiyi ili chapafupi ndi pamene msewu wa kumsika ndi kudepoti ya Zomba umapatukira kuchoka mumsewu waukulu wa M3, ndipo m'mawa umenewo galimoto zinali zitangoima chilili. Ku Great Hall kunali mwambo wopereka madigiri, choncho abale a ophunzira anali atakhamukira mutawuni kuchokera kumadera onse, ena pa minibasi zahayala, ena pa malole, amayi atatchena zitenje zofanana.

"Aphunzitsi," mtsikanayo anaitana mkulu wina wa jekete yotuwa, amene aliyense pamalopo amamutchula choncho ngakhale anasiya choko kalekale, "mawu awa andizunguza mutu. Snarl. Poyamba akuti ndi galu akamatulutsa mano. Kenaka akuti ndi munthu woyankhula mwaukali. Pansipa akutinso ndi ulusi wopotana, mwinanso galimoto zikatsekerana njira. Nanga galu ndi ulusi pali chibale chanji?"

Aphunzitsi anapinda nyuzipepala yawo ya dzulo mosafulumira. Funso lotere silibwera tsiku lililonse pa benchi ya nsapato.

"Palibe chibale, mwanawe. Ndi mawu awiri amene anangofanana nkhope. Amodzi anabadwa ku mawu otanthauza khwekhwe, msampha wa chingwe uja timakolera mbalame ndi akalulu. N'chifukwa chake akukamba za ulusi. Enawo ndi otsanzira phokoso la pakhosi pa galu, ndipo ali ndi abale awo m'Chijeremani. Usadabwe nazo. Ifenso timati mtengo wa mango, timatinso mtengo wa shuga wakwera. Unamvapo munthu akufunsa kuti mango ndi shuga pali chibale chanji?"

Wosoka nsapato anachotsa ulusi umene anauluma pakamwa. "Ine ndikuti chibale chilipo, Aphunzitsi. Tayang'anani apo."

Panalidi zoti n'kuona. Lole yodzaza matabwa a paini ochokera kuphiri inkafuna kukhota kulowera cha ku Blantyre. Kutsogolo kwake minibasi inali itaima chopingasa, mphuno mumsewu waukulu, kumbuyo kukadali kudepoti, kondakitala ali pakhomo kukuwa kuti "Limbe awiri! Limbe awiri!" pomwe mkatimo mipando yambiri inali yopanda anthu. Sienta ina inaona kampata kumanzere n'kulowetsapo mutu, osadziwa kuti Sienta inzake yaona kampata komweko kuchokera mbali inayo. Ziwirizo zinangoyang'anizana maso ndi maso. M'mipata yotsala munalowa njinga zamoto, m'mipata ya njinga zamoto munalowa akabaza opalasa, ndipo pakatikati pa zonsezi panali bambo wokankha njinga yosenza matumba atatu a makala. Iyeyu sakanatha kubwerera m'mbuyo ngakhale akanafuna, poti katundu wotero akangopendekeka pang'ono ndiye kuti wagwa basi.

Chimene chimandigwira mtima pa mpanipani wotere ndi dongosolo la ukali wake. Anthu sakalipirana mwachisawawa ayi. Wa lole sanatsegule pakamwa n'komwe. Anangoponda moto, injini n'kubangula, utsi wakuda kuti tolo. Wa minibasi sanayankhe lole, ndani angalimbane ndi matabwa ochuluka chotero? Ukali wake anaukhuthulira wa Sienta: "Iwe, laisensi yakoyo unagula mumsikamu?" Wa Sienta anatsitsa galasi n'kuzazira mnyamata wa njinga yamoto amene chigongono chake chinakhudza kalilole. Wa njinga yamoto anatembenukira wa kabaza wopalasa: "Chotsa chitsulo chakocho, aise!" Wopalasayo analiza belu mosalekeza pamsana pa mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa mwini wakeyo. Mayiyo sanacheuke, poti ndi mtolo wotero pamutu khosi silitembenuka. Milomo yokha ndi imene inkagwedera.

"Lemba," anatero Aphunzitsi, chala chikuloza mmodzimmodzi. "Lole ija yabangula. Kubangula n'kwa mkango, kwa amene sakuopa aliyense. Wa minibasi akulalata, ndiye kuti akufuna msewu wonse umve, ngakhale amene nkhaniyo sikuwakhudza. Wa Sienta wazazira, mawu ochepa koma oluma, olunjika munthu mmodzi. Amayi a nkhuniwo akunyinyirika, kapena tinene kuti akung'ung'udza. Koma mawu akowo usawasokoneze ndi kuuwa. Galu wouwa amakhala akuitana mbuye wake, ndipo nthawi zambiri amauwa ali potero. Akasiya kuuwa, n'kukweza mlomo wam'mwamba, mano poyera, mawu n'kumachokera pansi pa mmero, pamenepo timati akudzuma. Wanzeru amabwerera chafutambuyo, osathamanga."

Buku la mtsikanayo linaika mawu a Chingerezi a mtundu umenewu pamndandanda umodzi, ngati kuti munthu angatole alionse amene wawakonda. Pamsewu siziyenda choncho. Kuti usankhe mawu oyenera uyambe wadziwa kuti wolankhulayo wakwera chiyani, ndipo akulankhula kwa yani. Munthu yemweyo amene akulalatira wa njinga ndi amene amanyinyirika chamumtima lole ikamupanikiza. Ukali wa pamsewu umatsetsereka, sukwera mtunda, ndipo umakathera pa munthu woyenda pansi amene alibenso wina womuzazira.

Mayi wina wogulitsa matemba ndi milamba yowamba ya ku Kachulu anali atatsika m'galimoto ataona kuti bola kuyenda wapansi. Anatula dengu pafupi ndi benchi kuti apumeko, ndipo anali atamva zokwanira.

"Za agaluzo mwatha, Aphunzitsi. Koma apa musamuuze mwana kuti galimoto zathithikana. Kuthithikana ndi kwa matemba mudengumu. Ndi ambiri, malo ndi ochepa, koma ndikapendeketsa dengu onse atuluka bwinobwino. Izi zapiringizana. Ine ndakulira ku Chilwa, ndikudziwa chimene ndikunena. Ukonde ukapiringizana, wopusa amakoka, ndipo akamakoka mfundo imanka ikulimba. Wodziwa amakhala pansi, kufunafuna pamene payambira, n'kubweza chingwe momwe chinalowera."

Aphunzitsi anavula chipewa. "Mwandiphunzitsa, amayi."

Mayiyo ananena zoona, ndipo ananena bwino kuposa mmene wailesi imanenera. Olemba nkhani anazolowera mawu akuti kuthithikana moti amawagwiritsa ntchito paliponse: m'makalasi, m'mawodi a chipatala, pamsewu. Pa ndende yaikulu ya Zomba, imene inamangidwa mu 1935 ndipo imasunga akaidi ochuluka kuposa amene inamangidwira, mawuwa ndi oyenera. Mankhwala a kuthithikana ndi malo: onjezani chipinda, kulitsani msewu. Koma pamphambano ija malo analipo. Cha kutsogolo kwa minibasi msewu unali mbee. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi wololera kubwerera m'mbuyo mayadi ochepa, ndipo kubwerera m'mbuyo pagulu ndi kuvomera kuti ndiwe wamng'ono. N'chifukwa chake onse ankayembekeza kuti abwerere ndi wa makala, amene sanayambitse kanthu, komanso amene kubwerera kwake sikukanamasula ngakhale galimoto imodzi.

Mtsikanayo analemba msangamsanga mawu amene ankaponyedwa kuchokera mbali zonse, poti tsopano aliyense anali mphunzitsi. Wosoka nsapato anati kukolana, monga ulusi wake umachitira akausiya m'thumba limodzi ndi mbedza. Wina wodikira minibasi ya ku Jali anati kulukanalukana. Wina anati kupanikizana, Aphunzitsi n'kukana kuti kumeneko n'kwa anthu anayi pampando wa atatu. Chipiringu anati ndi anthu okhaokha, ngati amene amadzaza pa Thondwe kapena pa Songani tsiku la msika mpaka kusefukira mumsewu. Chipwirikiti anachikaniratu: pa chipwirikiti anthu amathamanga, apa palibe amene akusuntha.

"Ife timangoti jamu," anatero mnyamata wa kabaza amene anali atatsamira njinga yake yamoto pambali, osalowa nawo m'mpanipanimo. "Ndipo musainyoze, madala. Jamu ndi ndalama. Dikirani muone. Pakangotha mphindi khumi anthu ayamba kutsika okha m'magalimotomo."

Aphunzitsi anamuyang'ana cham'mbali. Kenaka anauza mtsikanayo kuti asamaderere mawu a kwawo, poti tawuni imene akukhalayi ndi ya mabuku otanthauzira mawu. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene unatuluka mu 2000, unakonzedwa konkuno ndi a Centre for Language Studies. Steven Paas, amene analemba mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi, ankaphunzitsa ku Zomba Theological College. Ngakhale mayeso amene akukonzekerawo, anatero, amachokera ku MANEB, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi kuchokera pa benchi pomwepo.

"Ngati angadutse," anatero wosoka nsapato.

Zomba sinamangidwe kuti izinyamula zonsezi. Pamene Harry Johnston ankaisandutsa likulu la boma la atsamunda mu 1891, ankafuna malo ozizira, a madzi abwino a mtsinje wa Mulunguzi, okhalamo akuluakulu a boma owerengeka ndi makalaliki awo. Nyumba zawo anazimwaza m'munsi mwa phiri pakati pa mitengo, ndipo timisewu take tokhotakhota tinayamba m'nthawi ya machila. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo n'kutsatira mu 1994, ambiri ankati Zomba yagona. Koma zimene zinatsala si zochepa. Asilikali a ku Cobbe Barracks alipo, ndende ilipo, chipatala chachikulu ndi chipatala cha matenda a maganizo zilipo, kosindikizira mabuku a boma ndi kosungira mbiri ya dziko ku National Archives kulipo. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ndi imene yatsala ndi dzina la University of Malawi. A National Statistical Office, amene likulu lawo lili mutawuni momwemu, anapeza kuti mzindawu unali ndi anthu oposa 88,000 mu 2008, ndipo pofika 2018 anali atapitirira 105,000.

Anthu onsewa, a ku Chinamwali, Matawale, Chikanda, Sadzi ndi Mpondabwino, amagawana msewu waukulu umodzi ndi munthu amene alibe nazo ntchito za Zomba, amene wachoka ku Blantyre ulendo wa ku Liwonde kapena ku Mangochi. Naye ayenera kudutsa pakati pa tawuni, kuwoloka Likangala mbali ino ndi Mulunguzi mbali inayo, phiri litamutchinga kumpoto. Ndiye onjezanipo tsiku la madigiri, pamene wophunzira mmodzi amabwera ndi mudzi wonse.

"Kuphiriku azungu anali atalithetsa vutoli mwanzeru zawo," anatero Aphunzitsi, akuloza kumene mitambo inali itaphimba nsonga. "Kunali msewu wokwerera, kunalinso msewu wotsikira. Wopita ku Ku Chawe sankakumana ndi wobwerako. Palibe kufunsana kuti wamkulu ndani."

Masiku ano wokwera ndi wotsika amagawana msewu umodzi wa tala. Mumakumana malole a mitengo, alendo opita kukaona damu la Mulunguzi kapena Emperor's View, pamene Haile Selassie anaimirira mu 1965, ndi anyamata othamangira galimoto iliyonse ndi timbale ta sitiroberi. Mumatsikanso amuna okankha njinga zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, thupi lonse litapendekera m'mbuyo kuti katundu asawakoke. Amayi ambiri amadzera njira zachidule za m'nkhalango, monga ija amati Potato Path, n'kudzatulukira kumunsi miyendo ikunjenjemera.

"Otsika ndi nkhuni ndimawadziwira kunsapato," anatero wosoka uja, akutembenuza nsapato ya mtsikanayo n'kuigogoda ndi kahamala. "Za ena zimatha kuzala kapena m'mbali. Zawo zimatha kuchidendene, zonse ziwiri mofanana, chifukwa mabuleki awo ndi omwewo. Ndimawaikira chidutswa cha tayala. Munthu wayenda mtunda wonsewo kuchokera usiku, afike muno, wina wokhala pa siponji azimulizira belu."

Nkhani inatembenuka pamene wina anatchula za mafuta. Galimoto zodikira petulo, anagwirizana onse, sizipiringizana kwenikweni. Zimandandalika, ndandanda kuchoka pomwetsera mafuta mpaka kukakhota, madalaivala atagona m'mipando, anyamata a zigubu akuzungulirazungulira. Zinali choncho mu 2011 ndi 2012, zinabwereranso mu 2022 ndi zaka zotsatira. Pamzere wotere phokoso limachepa. Munthu amene wagona usiku m'galimoto salalata, mphamvu zake zatha.

Aphunzitsi anatsitsa mawu, chizolowezi cha anthu amene anakula m'nthawi imene makoma ankamva. Anakumbutsa anzawo za February 2011, pamene mphunzitsi wa ndale ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Peter Mukhito, kukafunsidwa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Chinsinga anali atayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi mavuto amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake ananyanyala pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha, ndipo maphunziro anaima kwa miyezi yambiri. Pa 20 July chaka chomwecho anthu anatuluka m'misewu ya m'mizinda, ndipo pafupifupi 20 anafa.

"Uja anangonena zimene aliyense woima pamzere ankamva," anatero Aphunzitsi. "Mzere wa mafuta suuwa, mwanawe. Umadzuma. Akuluakulu amatchera khutu kwa wolalata, poti ndi amene akumveka, n'kuiwala amene wangoti chete mano ali poyera."

Mtsikanayo anafunsa ngati zimenezo alembenso. Anamuuza kuti ayi, pa mayeso angolemba za galu ndi ulusi.

Zimene ananena wa kabaza zinayamba kuchitika. Zitseko za minibasi zahayala zinatseguka, anthu n'kumatsika ndi maluwa apulasitiki, mapoto okulunga m'nsalu, wina atanyamula nkhuku yamoyo ya mphatso. Mtsikana wina wovala mkanjo wakuda ndi chisoti cha makona anayi anakwera njinga yamoto chokhalira mbali imodzi, dzanja lina litagwira chisoti, lina nsapato zazitali zidendene. Anyamata a kabaza amene mphindi zapitazo ankatukwanidwa tsopano ankaitanidwa kuti achimwene.

Kenaka kunamveka wezulo. Apolisi apamsewu atatu anatulukira wapansi kuchokera kumtunda, akuyenda mwachangu chimene sitichiona masiku wamba. Kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda, mwambo wa madigiri umakoka akuluakulu a dziko, ndipo akuluakulu sadikira pamzere. Wapolisi wamkulu pa atatuwo sanataye nthawi ndi wa makala kapena akabaza. Anaima kaye, kuyang'ana uku ndi uku, n'kulunjika pa minibasi ija. Anamenya kamodzi pa boneti ndi chikhatho.

"Bwerera."

"Pepani bwana, timangotenga awiri okha."

"Ndati bwerera."

Dalaivala amene ankafunsa anzake za laisensi uja anabweza galimoto mwaulemu, akumwetulira. Lole inakhota. Wapolisiyo anauza Sienta imodzi kuti ikwere m'mbali, inzake n'kudutsa. Wa makala anapeza mpata wokankhira njinga yake kutsidya. Mphindi zisanu zisanathe, msewu wonse unali mbee, anthu atakanikizidwira m'mphepete, galimoto zitaimikidwa m'mbali mwa ngalande.

"Mwaona?" anatero mayi wa matemba, akusenza dengu lake. "Wafuna pamene payambira."

"Ndiye kuti amadziwa," anatero wosoka nsapato. "Masiku onsewa amadziwa."

Palibe anamuyankha, chifukwa masaireni anali atayamba kumveka cha ku Likangala. Munadutsa njinga zamoto za apolisi, kenaka mdipiti wa galimoto zakuda za magalasi osaonekera mkati, liwiro lake losayenera pakati pa tawuni. Ana anaimika manja. Akuluakulu anangoyang'ana. Wa minibasi, wa Sienta ndi wa lole ina imene inafika pambuyo onse anali chete mofanana, ndipo kwa kanthawi kochepako panalibe wamkulu pakati pawo.

Galimoto yomaliza itangodutsa, apolisi anatsitsa manja n'kuyamba kubwerera kumene anachokera. Onse amene anaimikidwa mbali zinayi anaona msewu wopanda kanthu nthawi imodzi, ndipo onse anaponda moto nthawi imodzi. Minibasi ija inatulutsanso mphuno, kondakitala akukuwa za awiri ake aja. Basi yaikulu yochokera ku Mangochi inafika pamphambano n'kupeza Sienta zitatu zitayang'anizana. Mahutala analira kuposa poyamba.

Mnyamata wa kabaza analiza njinga yake n'kuyandikira gogo wina wa chitenje chatsopano amene anasuzumira pawindo la minibasi yahayala, nkhope yodandaula.

"Agogo, tsikani mukwere apa. Galimoto yanuyi ikafika mdzukulu wanu atavula kale mkanjo."

"Ndalama zingati, mwanangu?"

"Kwerani kaye, agogo, tikambirana m'njira. Gwirani chitenje chisakodwe m'sipoko."